Ndalama ya Patebulo Nja Yani?

Mwezi wa June ukafika, dera lathu la Kasungu limasintha nkhope. Zigafa zimayamba kukhala mbee, malole odzaza mabelo amandondozana kulowera kumsika wa Chinkhoma, ndipo pamalo a malonda monga Santhe, Chamama ndi Nkhamenya pamamveka phokoso la anthu amene m'thumba mwawo mwalowa kanthu. M'nyengo ngati imeneyi ndi pamene mwana wa mlongo wanga, mlimi wa fodya wa bale, anandipeza ndili pakhonde, nandionetsa foni yake.

"Atsibweni," anatero, "inu munawerenga zambiri. Tandiphunzitsani masewera awa a pokala. Akuti si njuga wamba ayi, ndi luso."

Ndikanatha kumukalipira n'kumuuza kuti njuga ndi tchimo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinadziwa kuti mawu amenewo anawamva kale kutchalitchi, ndipo sanamuletse. Tsono ndinasankha kumuphunzitsa moona mtima, ndipo funso limene lakhala likundivuta kuyambira tsikulo ndi lakuti: kodi luso lingathe kuyeretsa njuga?

Tiyambe ndi kuvomera kuti mnyamatayo sananame. Pokala ali ndi luso ndithu. Mu mtundu wotchuka wa Texas Hold'em, aliyense amalandira makadi awiri obisika kuchokera pa mpukutu wa makadi 52, kenaka makadi asanu amaikidwa poyera patebulo pang'onopang'ono, anthu akubetcha pa gawo lililonse. Katswiri wa masamu John von Neumann anaona nzeru zokwanira m'masewerawa kotero kuti anawafotokoza m'buku limene analemba ndi Oskar Morgenstern m'chaka cha 1944. Ndipo mu 2003 munthu wina wowerengera ndalama wa ku America, Chris Moneymaker, anapata madola 2.5 miliyoni pampikisano wa ku Las Vegas atayambira pa intaneti. Nkhani yake inakopa anthu ambirimbiri, ngakhale kuti za anthu amene ndalama zawo zinapanga mulu umenewo sizikambidwa.

Phunziro loyamba limene ndinamupatsa linamukhumudwitsa. Ndinamuuza kuti wosewera wanzeru amataya makadi ake nthawi zambiri kuposa mmene amasewerera. Pa maulendo khumi amene wagawiridwa makadi, asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu uyenera kuwaponya pansi usanaikepo kanthu. Makadi awiri a A, amene ndi oposa onse, amakufika kamodzi pa maulendo 221, ndipo ngakhale iwowo, polimbana ndi munthu mmodzi yekha, amagonja pafupifupi ka 15 pa maulendo 100. Wongoyamba kumene amafuna kuona khadi lotsatira nthawi zonse, ndipo chidwi chimenecho ndicho chimadyetsa anzake.

Phunziro lachiwiri linali la masamu. Tiyerekeze kuti uli ndi makadi anayi a mtundu umodzi, ukusowa lachisanu, ndipo kwatsala khadi limodzi loti litembenuzidwe. Mwa makadi 46 amene sunawaone, 9 okha ndiwo angakupulumutse, kutanthauza kuti upambana pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu. Ngati patebulo pali K10,000 ndipo ukufunika kuikapo K2,000, kupitiriza n'kwanzeru. Ngati pali K4,000 yokha, taya makadi, ngakhale mtima ukukuuza kuti lero ndi tsiku lako. Ndinawonjezeranso kuti wobetcha pomalizira ali ndi mwayi chifukwa waona zimene anzake achita, ndi kuti kuopseza anzako ndi makadi ofooka si kochita pafupipafupi. Ena amafunsa ngati kuopsezako si bodza. Ine ndimati si bodza kwenikweni, pakuti aliyense wokhala patebulo anavomera kale kuti nkhope ya mnzake sadzaikhulupirira, monga momwe wosewera mpira sakwiyira mnzake amene wamunjanja.

Mpaka apa luso likuoneka loyera. Koma pali phunziro lachitatu, limene akatswiri onse a masewerawa amaliika patsogolo: usasewere ndi ndalama imene sungathe kuitaya. Amalangiza kuti ukhale ndi thumba lapadera, lokwana kulowera patebulo maulendo 20 kapena kuposapo, kuti tsoka likakugwa motsatizana usagwire ndalama ya ufa. Amachenjezanso kuti ukaluza usathamangire kubweza, pakuti munthu wopsa mtima amaiwala masamu onse.

Nditafika pamenepa ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe mphwanga, pa ndalama imene yalowa kubanki ija, yako yeniyeni ndi zingati?"

Tinatenga pepala. Tinachotsa ngongole ya feteleza ndi mbewu imene kampani yogula fodya inadula kale. Tinachotsa ya mayendedwe, ya ziguduli ndi misonkho ya pamsika. Tinachotsa ya anyamata awiri amene anagwira naye ntchito kuyambira panazale m'mwezi wa September, kutsirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera mvula itagwa, kuthyola, kusoka ndi kusankha. Tinachotsa fizi ya ana, chimanga chofikitsa banja m'miyezi ya njala ya January ndi February, ndi feteleza wa chaka chamawa, amene mtengo wake sunabwerere pansi chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Kenaka ndinamukumbutsa za mkazi wake, amene dzina lake silili pa khadi la kubanki, koma zala zake zinada ndi utomoni wa fodya yemweyo. Pansi pa pepalalo panatsala kandalama kosakwana n'kulowera patebulo kawiri.

Apa ndi pamene pagona yankho langa. Malamulo a pokala eniakewo, akatsatidwa mokhulupirika, amauza mlimi wa ku Kasungu kuti asakhale patebulo. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka ndipo imafika m'dzina la munthu mmodzi, koma eni ake ndi ambiri. Wobetcha nayo akubetcha thukuta la anthu amene sanafunsidwe, amene sanaone makadi, ndiponso amene akapambana iyeyo sadzagawiridwa mofanana. Luso lingachepetse kuluza, koma silingasandutse ndalama ya wina kukhala yako.

Mnyamatayo sanagonje msanga. "Nanga atsibweni, ulimi wa fodya si njuga? Timakwirira ndalama m'nthaka osadziwa ngati mvula igwa, ndipo belo limatha kubwezedwa pamsika popanda wotifotokozera bwino." Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo ife amene tinaona njala ya 2002 ikusautsa boma lino sitingaipeputse. Chiyambireni pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, mabanja ambiri akwera ndi kugwa potsata mitengo imene sakhazikitsa okha. Koma kusiyana kulipo. Mlimi akapambana, pamakhala chinthu chimene kunalibe: fodya, chimanga, soya kapena mtedza, ndipo mnansi wake sasauka chifukwa cha kupambanako. Patebulo la makadi sipabadwa tambala ngakhale imodzi. K50,000 imene wapata yatuluka m'thumba la mnzako, amene nayenso ali ndi mkazi ndi aganyu omudikira, ndipo mwini malo kapena mwini webusaiti amadulapo yake pa mulu uliwonse, kaya wapambana ndani. Katswiri amadya chifukwa pali wosadziwa, ndipo nchifukwa chake wongoyamba kumene amalandiridwa ndi manja awiri.

Sindikunena kuti khadi palokha ndi lodetsedwa. Boma linavomereza masewera obetcha pansi pa lamulo, ndipo bungwe la MAGLA limapereka ziphaso. Munthu wa pamalipiro amene wapatula kandalama kake ka zosangalatsa, banja lake likudziwa, sindingamuweruze kuposa wogula botolo la mowa Loweruka. Koma chiphaso cha boma chimanena za mwini bizinesi, sichinena za mwini ndalama imene yaikidwa patebulo. Funso limenelo aliyense amayankha yekha, pamaso pa a m'nyumba mwake.

Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ife a ku Kasungu mwambi umenewu uyenera kutilasa kuposa ena onse, pakuti fodyayo timamudziwa kulemera kwake.

Madzulo a tsikulo mphwanga anapinda pepala lija naliika m'thumba la malaya, foni ili m'thumba linalo. Sanandilonjeze kanthu, nanenso sindinamukakamize. Ndinangomupempha kuti asanatsegule foniyo, akayambe waonetsa pepalalo kwa mayi a ana ake.