Usanagwire Choko, Mwana Wanga

Mwana wanga, ndamva kuti dzina lako latuluka ndipo ukupita ku koleji ya aphunzitsi ku Machinga. Mtima wanga wakondwa. Koma usanamange katundu, khala pansi undimvere, pakuti choko ndachigwira mpaka imvi izi.

Zaka ziwiri zimene ukaphunzirezo usazitenge mwachibwana, chifukwa akulu ako ambiri mwayi umenewu sanaupeze. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana anasefukira m'sukulu. Chiwerengero chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi anachepa, ndiye boma linalemba anyamata ndi atsikana zikwizikwi, kuwaphunzitsa masabata ochepa chabe, n'kuwatumiza kukaima pa bolodi. Ambiri anali ndi mtima wabwino, koma mtima wokha suphunzitsa mwana kuwerenga. Iwe udzakhala ndi nthawi, mabuku ndi okuphunzitsa. Ndipo akadzakutumiza kusukulu kukayeserera ntchito, mphunzitsi wakale amene adzakuyang'anire usamuderere poona kuti satifiketi yako ndi yowala kuposa yake. Iye amadziwa kutontholetsa ana zana limodzi popanda kukuwa, chinthu chimene sudzachipeza m'buku lililonse. Mfunse, pakuti safunsa anadya phula.

Tsopano tchera khutu bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Silabasi imene udzaphunzitse imakonzedwa ku Domasi, ku Malawi Institute of Education. Amene amailemba ndi anthu ozindikira ndipo uwalemekeze. Koma iwo amalemba buku limodzi loti ligwire ntchito ku Chitipa, ku Likoma ndi ku Nsanje komwe. Mwana amene wakhala pansi patsogolo pako sakumudziwa. Womudziwa ndiwe. Msampha umene umakola aphunzitsi atsopano ndi wothamangira kumaliza sikimu. Ahedi akufuna kuona kuti wafika sabata yachisanu ndi chimodzi, mlangizi wa maphunziro akubwera Lachiwiri, ndiye iwe umangotsegula masamba ana ali kumbuyo. Pakutha pa teremu sikimu yatha, koma unali kuthira madzi m'dengu.

Ndikuuze mmene ungadziwire. Mwana wa sitandade 3 amaimirira, buku lili m'manja, n'kuwerenga tsamba lonse mosadodoma, mawu ali pamwamba. Usafulumire kuombetsa m'manja. Phimba chithunzi ndi dzanja lako, uloze liwu limodzi lapakati pa tsamba, unene kuti, "Werenga ili." Udzaona maso akugwa pansi, chala chikukanda m'mutu. Mwanayo sanali kuwerenga, analoweza pomva anzake akubwereza. Ukapeza zotere, bwerera m'mbuyo opanda manyazi. Yambiranso pa maliwu a malembo, ubwere pa maphatikizo, ma, me, mi, mo, mu, kenako mawu. Ndondomeko ya kuwerenga imene boma linakhazikitsa mu 2016 inabwera chifukwa cha vuto lomweli, loti ana ankakwera makalasi osatha kuwerenga. Mwana wotere ukamukankhira kutsogolo, amakafika sitandade 5 pamene maphunziro amatembenukira m'Chingerezi, amabwereza kalasi kawiri, manyazi amamugwira pokhala pakati pa tiana, ndipo tsiku lina umangomva kuti ali ku ganyu. Amene wapirira mpaka sitandade 8, mayeso a MANEB amamugwetsa. Anthu amaloza chala mphunzitsi wa sitandade 8, pamene mwanayo anatayika kalekale.

N'chifukwa chake akakupatsa sitandade 1 usaone ngati akunyoza. Achinyamata ambiri amafuna makalasi apamwamba kuti aoneke ophunzira. M'mera mpoyamba, mwana wanga. Ine ndikanakhala wolamula, mphunzitsi waluso kuposa onse pasukulu ndikanamuika kwa ana aang'ono.

Usadikire zipangizo zochokera ku boma. Zimabwera, koma mochedwa ndiponso zosakwanira. Timiyala, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zimaphunzitsa kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Katoni yakale imasanduka tchati. Pabwalo pali mchenga woti ana alembepo ndi chala. Kuyambira pamene silabasi inasinthidwa mu 2007, akuluakulu amalimbikitsa kuti ana azigwira ntchito m'magulu. Ndi nzeru yabwino, koma gulu lopanda chochita chenicheni limangokhala phokoso pansi pa mtengo wa mango. Konzekera usiku, udziwe chimene gulu lililonse lidzagwire m'manja.

Za chilankhulo samala. Ku Machinga komweko ana ambiri amabwera kusukulu akulankhula Chiyao, kumpoto Chitumbuka, kuchigwa cha Shire Chisena. Mwana akayankha m'chilankhulo cha amayi ake usamuseke, usamulange. Ukatero adzatseka pakamwa chaka chonse, ndipo iwe udzamulemba kuti ndi mbuli pamene si mbuli. Phunzirako mawu ake ochepa, umutengere pang'onopang'ono kumene ukufuna.

Mwana akamagona m'kalasi mwezi wa February, usathamangire ukali. Yamba wafunsa ngati wadya. Nthawi imeneyo nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, ndipo kwa ana ena phala la kusukulu, monga lija a Mary's Meals anayamba kupereka m'dziko muno mu 2002, ndicho chakudya choyamba cha tsikulo. Chikwapu chinaletsedwa m'sukulu, ndipo usachilire. Mwana womenyedwa amaphunzira kuopa iwe basi.

Pali nkhani ina imene ndiyenera kuinena mosapsatira. Atsikana a m'kalasi mwako ndi ana ako. Usamutume mtsikana kukakusesera m'nyumba, kukakutungira madzi kapena kukakuphikira. Zoipa zimayambira pamenepo. Ndaona aphunzitsi a luso atachotsedwa ntchito, ena atamangidwa, dzina la banja lawo litanunkha mudzi wonse, ndipo mtsikanayo atatsala ndi khanda kumsana, sukulu itathera pomwepo. Malamulo aakulu a dziko lino, chisinthireni mu 2017, salola ukwati kwa munthu wosakwana zaka 18. Ukamva kuti makolo akufuna kukwatitsa mwana wa sukulu, usakhale chete. Uza ahedi, uza gulu la amayi la pasukulupo, nkhani ikafike kwa amfumu. Ndipo mtsikana amene anachimwitsidwa akabwerera atabereka, mulandire. Boma linalola zimenezi kuyambira mu 1993. Ana anzake akayamba kumutcha mayi, uletse tsiku lomwelo, chifukwa akathawa kachiwiri sadzabweranso.

Malipiro a mphunzitsi ndi ochepa, zimenezo sindikubisira. Koma katapila umuthawe. Wakatapila akagwira khadi lako la kubanki, mwezi uliwonse udzagwirira iye ntchito, ndipo mphunzitsi wa ngongole maganizo ake sakhala m'kalasi. Mowa nawonso chimodzimodzi. Ukadzandira Loweruka pamsika, Lolemba palibe mwana amene adzakumvere.

Kumene akakutumize ukamaliza, mwina kudzakhala kutali ndi tala, kopanda magetsi. Usakafike ndi mapewa okweza. Sabata yoyamba pempha ahedi akuperekeze kwa amfumu ukalonjere, ukadziwanenso ndi a komiti ya sukulu. Maliro akagwa m'mudzi, kapepese. Ukaona kuti ana akujomba chifukwa cha chinamwali, usanyoze mwambo wa eni ake pamaso pa ana. Pita kwa amfumu ndi anamkungwi, ukhale pansi mwaulemu, uwapemphe kuti mwambowo uzichitika nthawi ya tchuthi. Madera ambiri anagwirizana kale zotere ndipo zikuyenda. Anthu omwewo ndi amene adzaumbe njerwa za nyumba yako, ndiponso ndi amene adzapite khomo ndi khomo kukatenga mwana amene wasiya kubwera kusukulu.