Kodi Kuulula Mathero a Sewero N'kulakwa?

M'mwezi wa Malichi, chaka cha 1980, anthu a ku America amene ankatsatira sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Dallas adaona mpondamatiki J.R. Ewing, mkulu wa malonda a mafuta wotchuka ndi chinyengo, akuwomberedwa mu ofesi yake. Nkhope ya wowomberayo sidaoneke, ndipo sewerolo lidayamba lapumira pomwepo. Kwa miyezi 8 anthu adakangana m'nyumba ndi m'malo a ntchito, ena mpaka kubetcherana ndalama. Eni sewerolo adajambula anthu angapo akuwomba mfutiyo, kuti ngakhale ochita sewerolo asadziwe chenicheni. Yankho litatuluka pa 21 Novembala, anthu oposa 80 miliyoni adali tcheru pa kanema m'dziko limenelo lokha.

Tsono munthu amene akadadziwa yankholo usiku umodzi lisanatuluke, naliulula kwa anzake, kodi akadalakwa? Funsoli likuoneka lopepuka, koma kuliyankha n'kovuta. Munthu wotereyu sadaname, pakuti zimene wanenazo n'zoona. Sadabe ndalama kapena mbuzi ya mwini, ndipo palibe bwalo la milandu limene lingamve dandaulo lotere. Komabe aliyense amene adauzidwapo mathero a nkhani asanafikeko amadziwa kuti mtima umawawa ngati walandidwa kanthu.

Kanthu kameneka ndi mwayi womva nkhani koyamba. Sewero munthu angathe kulionera kakhumi, koma kulionera asakudziwa kumene likupita kumachitika kamodzi kokha pa moyo wake. Mantha aja, chiyembekezo chija, ngakhale kuganizira molakwa munthu wosalakwa, zonsezi wolemba adazikonza mwadala monga mmene mlenje atcherera msampha. Woulula amafwamphula msamphawo nyama isanafike. Atapepesa chotani, sangabweze kusadziwa kumene mnzakeyo adali nako, pajatu madzi akatayika saoleka.

Alipo ena amene amatsutsa zimenezi, ndipo mfundo zawo si zachibwana ayi. Iwo amati nkhani yokoma sidalira chinsinsi. Ana amene amakhala pamoto madzulo namayankha kuti "tili tonse" amadziwa kale kuti Kalulu apulumuka ndipo Fisi achita manyazi, komabe mawa lake amapempha nthano yomweyo. Chimene chimawakoka ndi kafotokozedwe ka agogo, nyimbo yake, ndiponso njira imene Kalulu atulukire m'vutolo. Mu 2011, Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld a pa yunivesite ya California ku San Diego adapatsa ophunzira nkhani zazifupi kuti awerenge, ena atauzidwiratu mathero ake. Iwo adapeza kuti kawirikawiri ouzidwiratuwo adasangalala nazo koposa anzawo pang'ono.

Mfundo imeneyi n'njoona, koma ikuyankha funso lina. Ikuonetsa kuti nkhani siifa ikaululidwa; sikuonetsa kuti woululayo adali ndi ufulu woiulula. Munthu amene wasunga chimanga chake kuti adye pa Khirisimasi, mnzake sangamuotchere lero n'kumanena kuti chootcha n'chokoma koposa. Mwina n'chokomadi, koma kusankha kudali kwa mwini. Ndipo pofufuza mtima wa woulula, si kawirikawiri kupezamo chifundo. Chimene chimapezekamo ndi kufuna kuoneka wodziwa, kamtima kaja kofuna kuti anthu atembenuke n'kuyang'ana amene wayankhula. Ena amaulula mosazindikira chifukwa cha chimwemwe, ndipo awa mlandu wawo ndi wochepa. Koma amene amatero mwadala amakondwera ndi kukhumudwa kwa mnzake, ndipo pamenepo ndi pamene pagona kulakwa.

Kuti kudziletsa n'kotheka zidaoneka pa sewero la Game of Thrones, limene lidaonetsedwa kuyambira mu 2011 mpaka 2019. Sewerolo lidachokera m'mabuku a George R. R. Martin. Buku lachitatu, limene lidatuluka mu 2000, lili ndi ukwati umene umathera m'mwazi, ndipo chochitikachi chidaonetsedwa pa kanema mu 2013. Ambiri mwa owerenga mabukuwo ankadziwa amene adzafe, koma adatseka pakamwa, nakhala pambali pa abale awo kudikira kuti nawonso adzionere okha. Palibe lamulo la boma limene lidawakakamiza.

Komatu udindo suli mbali imodzi. Kukambirana sewero ndi theka la kukoma kwake, ndipo amene aona kale sangakhale chete mpaka kalekale chifukwa cha munthu mmodzi wozengereza. Kale vutoli lidali laling'ono, popeza onse ankaonera pa ola limodzi. Zinthu zidasintha pamene makampani monga Netflix adayamba kutulutsa magawo onse nthawi imodzi, monga adachitira mu 2013 ndi magawo 13 a House of Cards. Kuyambira pamenepo wina amatsiriza sewero lonse pa masiku awiri pamene mnzake akadali pa gawo lachitatu. N'chifukwa chake magulu a anthu okonda sewero limodzi amaika dongosolo: gawo lililonse limakambidwa palokha, wofuna kunena zam'tsogolo amayamba wachenjeza, ndipo owerenga mabuku amakhala ndi bwalo lawo losiyana ndi la oonera chabe. Dongosolo lotere limateteza wochedwa popanda kumanga pakamwa wofulumira. Amene walowa yekha pabwalo la otsiriza, chenjezo atalimva, asadandaule. Wadziponda yekha ndi nkhwangwa.

Chovuta kwenikweni ndi kutalika kwa nthawi. Kodi chinsinsi cha sewero chisungidwe kwa sabata, chaka, kapena moyo wonse? Lero palibe amene angaimbidwe mlandu ponena kuti adawombera J.R. Ewing ndi mlamu wake, Kristin Shepard, chifukwa nkhaniyo idasanduka mbiri ndipo oidikira adatha. Zikuoneka tsono kuti chimene chimamasula lilime si kuchuluka kwa zaka, koma kutha kwa anthu odikira. Ku London kuli sewero la pabwalo la Agatha Christie lotchedwa The Mousetrap, limene lidayamba kuonetsedwa mu 1952. Lapitirira zaka 70, ndipo anthu mamiliyoni akudziwa amene adapha munthu m'nkhaniyo. Koma popeza tsiku lililonse m'nyumbamo mumalowa alendo amene sadalionepo, pakutha pa sewerolo mmodzi wa ochita sewero amabwera kutsogolo, napempha oonerera kuti dzina la wakuphayo asakalitchule kunja.