Mutanti ndi munthu kapena chinthu?

Mu Januwale 2003, khoti lina la mu New York linagamula kuti a X-Men si anthu. Uwu unali mlandu weniweni, osati wa m'filimu. Kampani ya Toy Biz, imene inali pansi pa Marvel, inali kupangitsa zidole za Wolverine, Storm ndi anzawo ku China n'kumazilowetsa mu America. Panthawiyo msonkho unali pawiri: chidole chofanizira munthu chinali kulipiridwa 12 peresenti, pomwe choseweretsa chofanizira nyama, chilombo kapena loboti chinali kulipiridwa 6.8 peresenti chabe. Maloya a kampaniyo anawerengera, naona kumene kuli phindu. Anapita ku Court of International Trade kukatsutsana ndi boma, akuti zinthu zokhala ndi zikhadabo zachitsulo, mchira ndi khungu labuluu sizingatchedwe anthu. Woweruza Judith Barzilay anaziyang'anitsitsa zidolezo, navomera.

Kuyambira 1963, pamene Stan Lee ndi Jack Kirby anatulutsa buku loyamba la X-Men, Marvel inali kudyera nkhani imodzi: awa ndi ana a anthu, dziko likuwazonda popanda mlandu. Patapita zaka 40, eni nkhaniyo ndiwo anaima pamaso pa woweruza kukakana ana awo chifukwa cha msonkho. Ndayambira pamlandu uwu chifukwa ukuika poyera chinthu chimene nthawi zambiri chimabisika. Funso lakuti "kodi uyu ndi munthu?" silibwera lokha. Wofunsayo amakhala ali ndi kanthu kumtima, kaya phindu, kaya mantha.

Kwa amene sanaonereko mafilimuwa: mutanti ndi mwana wobadwa kwa makolo wamba, koma m'DNA yake muli kusintha kumene kumam'patsa mphamvu yachilendo. Kawirikawiri mphamvuyo imatulukira akamatha msinkhu. Wina amayamba kumva maganizo a anthu, wina maso ake amatulutsa kuwala kogwetsa khoma, wina akangokhudza mnzake amamuyamwa moyo. Sanasankhe. Sanapite kwa sing'anga kapena kukagula kanthu kumsika. Anagona ali mwana wa pakhomo, m'mawa wadzuka anansi akum'thawa.

Yankho losavuta lilipo, ndipo ndi loona. Mutanti anatuluka m'mimba mwa mkazi, ali ndi ambuye ndi amalume, ndipo angathe kubereka ndi munthu wopanda mphamvu. Tonsefe tili ndi zosintha m'DNA zimene makolo athu analibe. Ngati kusintha kumachotsa munthu m'gulu la anthu, palibe angatsale. Koma sindifuna kutsamira pamagazi pokha, chifukwa tikatero ndiye kuti tavomera kuti ufulu uzidikira zotsatira za kulabu. Ndiponso Magneto, mdani wamkulu wa a X-Men, amakana yekha kutchedwa munthu. Iye amati amutanti ndi mtundu watsopano, Homo superior, woposa ife. Tiyerekeze kuti akukamba zoona, ndipo asayansi atsimikiza. Kodi kuyambira tsikulo tingamutsekere popanda kumuzenga mlandu? Tingamung'ambe kuti tione za m'kati? Ine ndikuti ayi, ndipo chifukwa changa sichili m'magazi ake. Amamva kuwawa, amakumbukira amake, amadziwa kuti mawa kuli tsiku ndipo ali nalo cholinga. Zimene ufulu umateteza ndi zimenezi, ndipo iye ali nazo zonse.

Chinyanja chathu chimadziwa kuweruza mlanduwu ndi kachilembo kamodzi. Pali mu- ndi a- za munthu ndi anthu, pali chi- ndi zi- za chinthu ndi zinthu. Tikafuna kunyoza munthu timam'samutsa nyumba: chitsiru, chidakwa, chimunthu ichi. Liwu lakuti mutanti lachita mwayi, layamba kale ndi mu-, koma tcherani khutu pokambirana filimu ndi anzanu. Wina adzati "amutanti abwera", wina adzati "zimutanti zabwera". Wachiwiriyo waweruza kale, asanapereke umboni uliwonse.

Tilinso ndi kakambidwe kena. Munthu wankhanza timati "uyu si munthu", ndipo wachifundo timati "uyu ndiye munthu". Apa sitikuwerenga miyendo kapena kuyang'ana khungu, tikuyeza umunthu. Pa sikelo iyi amutanti ambiri amapambana mosavuta. Tengani Nightcrawler, mnyamata wa ku Germany wa khungu labuluu, zala zitatu ndi mchira wosongoka. Pamene anaonekera koyamba mu 1975, gulu la anthu a m'mudzi linali kum'thamangitsa kuti lim'phe ngati chiwanda. Koma mwa a X-Men onse ndiye wofatsa, Mkatolika wopemphera. Muikeni pambali pa M'busa William Stryker wa m'buku la Chris Claremont la 1982, God Loves, Man Kills, mlaliki wa pa TV wovala suti amene anapha mwana wake wakhanda atangoona kuti ndi mutanti. Funsani ambuye anu kuti mwa awiriwa munthu ndani. Sadzachedwa kuyankha.

Komabe sikelo ya umunthu ili ndi msampha. Ngati ufulu ndi mphotho ya khalidwe labwino, ndiye kuti Magneto, amene wapha anthu, alibe ufulu. Stryker nayenso alibe. Ndipo mnyamata amene wagwidwa ndi foni ya eni pa siteshoni ya basi alibe, ndiye chifukwa chake miyala imayamba kuuluka wina akangokuwa kuti "kawalala!" Tikumbukira kumayambiriro kwa 2020, nthawi ya mantha a gassing, mmene anthu anaphedwera m'makomboni chifukwa chongooneka achilendo pamalopo. Choncho ndimasiyanitsa zinthu ziwiri. Umunthu wa khalidwe umakula, umachepa, ungathenso kutayika. Ufulu sutero. Chikalata cha United Nations cha 1948 chinaumangirira pa kubadwa, ndipo amene anachilemba anali atangoona zimene zimachitika boma likapatsidwa mphamvu yosankha woyenera ndi wosayenera. Magneto ayenera kumangidwa ndi kuzengedwa mlandu, ali ndi loya wake. Khoti limazenga munthu. Chilombo sichiitanidwa kukhoti, chimangowomberedwa.

Manje tifike povuta, pamene okonda X-Men ambiri amadutsa mothamanga. Mu filimu ya 2000 muli Senator Robert Kelly, amene akufuna lamulo lakuti mutanti aliyense alembetse dzina ndi mphamvu yake kuboma. Filimuyo imam'jambula ngati munthu wa tsankho, ndipo alidi nalo. Koma mfundo yake si yopusa. Akukamba za mtsikana amene amadutsa pakhoma ngati palibe kanthu, n'kufunsa chimene chingamuletse kulowa m'banki kapena m'nyumba mwanu. Ine ndimagona kuseri kwa chitseko cha mapulanga ndi loko ya pamsika. Mnansi wanga atakhala Professor Xavier, wodziwa zonse za m'mutu mwanga ngakhale nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni, sindingagone tulo. Apa ndi pamene fanizo la X-Men limatsimphina. Anthu akuda a ku America, Ayuda a ku Ulaya ndi ena amene nkhaniyi imafanizira anawaneneza kuti ndi oopsa, ndipo linali bodza. Kwa amutanti si bodza. Jean Grey, mu nkhani ya Dark Phoenix ya 1980, anazimitsa nyenyezi n'kupha dziko lonse la zamoyo. Mfuti timalembetsa kupolisi. Nanga munthu amene maso ake ndi mfuti?

Kusiyana kwake n'kwakuti mfuti ungaisiye kunyumba, ungaigulitse, ungakane kuigula. Cyclops sangasiye maso ake. Kulembetsa mfuti ndi kulembetsa chinthu chimene munthu wasankha kukhala nacho. Kulembetsa mutanti ndi kulemba munthu m'kaundula wa okayikiridwa chifukwa cha mmene anabadwira, asanalakwire aliyense. Ndipo makaundula otere tikuwadziwa. NRC imene timatenga tikakwanitsa zaka 16 ndi ya nzika iliyonse, mwana wa nduna ndi mwana wa wogulitsa tomato. Chitupa cha nthawi ya Northern Rhodesia chinali cha munthu wakuda chabe, n'chifukwa chake azigogo athu anazitentha mu Cha Cha Cha ya 1961. Ku South Africa lamulo la 1950 linagawa anthu m'mitundu, ndipo pa kaundula ameneyo ndi pamene panamangidwa zonse za apartheid: kokhala, kophunzira, wokwatirana naye. Ku Rwanda ziphaso zinali kuonetsa Mhutu ndi Mtutsi kuyambira nthawi ya atsamunda a ku Belgium. Mu 1994, pamene wailesi inali kutchula anthu kuti mphemvu, pa malodibuloko anali kufunsa ziphaso. Wolemba kaundula angakhale ndi mtima wabwino, koma sadziwa amene adzakhala pampando pambuyo pake. Si mwangozi kuti filimu ya 2000 imayambira ku Poland mu 1944, Magneto ali mwana akulekanitsidwa ndi makolo ake pa geti ya msasa wa Nazi, ndipo atakalamba nambala ikadali pamkono.

Ndiye Kelly timuyankha chiyani? Lamulo ligwire zochita. Kudutsa pakhoma la eni ndi kuthyola nyumba, kaya wagwiritsa ntchito chitsulo kaya thupi lako. Kulowa m'mutu mwa munthu asanavomere kukhale mlandu waukulu, ndipo Xavier, ngakhale amaoneka woyera, akanayenera kuyankha milandu yambiri. Mwana amene mphamvu yake ikuvulaza anthu iye osafuna athandizidwe monga timachitira ndi wodwala matenda opatsirana: angapatulidwe kwa kanthawi, koma pakhale dokotala, pakhale woweruza wowunika nkhaniyo, abale ake am'chezere, ndipo pakhale tsiku lotuluka. Kodi zimenezi zithetsa ngozi yonse? Ayi. Tsiku lina mutanti amene sitinam'lembe adzachita choipa chimene kaundula mwina akanaletsa. Mtengo umenewo ndi weniweni, ndipo timaulipira kale. Sitimanga anyamata onse a m'komboni Lachisanu madzulo, ngakhale tikudziwa kuti mmodzi wa iwo adzaba usikuwo.

Pali njira inanso yochotsera munthu m'gulu la anthu, ndipo imaoneka ngati ulemu. Pamene Xavier anapeza Storm mu 1975, anam'peza ku Kenya anthu akum'pembedza ngati mulungu wamkazi wa mvula. Sanali kum'ponya miyala, koma sanalinso kumuona ngati mtsikana wamasiye amene anakulira m'misewu ya Cairo akuba kuti adye. Anali kuona mvula. Apa nkhaniyi imafika pakhomo pathu popanda kuikakamiza. Chialubino ndi kusintha kwa m'DNA kumene kumachepetsa mtundu wa khungu, tsitsi ndi maso. Palibe mphamvu iliyonse, pali chabe khungu lofuna mafuta oteteza kudzuwa ndi maso ovutika kuona pa bolodi. Koma anthu anawapangira mphamvu. Ena amati safa, amangosowa. Ena amati mafupa awo ali ndi chuma. Wina amathira mate pachifuwa akakumana nawo, wina amawasaka ndi chikwanje, monga zinachulukira ku Malawi kuyambira kumapeto kwa 2014, ndiponso zachitikapo kuno kwathu. Wonyansidwa ndi wosakayo agwirizana pa chinthu chimodzi, kuti amene waima patsogolo pawo si munthu ngati iwo. Filimu ya Can You See Us?, yochokera pa moyo wa woimba a John Chiti ndipo inafika pa Netflix mu 2023, imayamba ndi bambo wokana mwana wake pa tsiku lobadwa. Amene anawerengapo X-Men chithunzi chimenecho akuchidziwa bwino.

Chimene sindigwirizana nacho mwa Xavier ndi njira yake yofunira mtendere. Amatenga ana, kuwaveka yunifomu, kuwatuma kukapulumutsa dziko limene likuwazonda, poyembekeza kuti tsiku lina anthu adzati: taonani, ndi othandiza, tiwalandire. Kumeneko ndi kugula ufulu ndi ntchito. Storm angakwanitse mtengowo chifukwa amabweretsa mvula. Wolverine angakwanitse chifukwa amamenya nkhondo. Koma m'mabuku omwewo muli a Morlocks, amene anaonekera mu 1983: amutanti okhala m'ngalande za pansi pa New York, ambiri a nkhope zopunduka, mphamvu zawo zosathandiza aliyense, ena n'zongowavutitsa okha. Alibe sukulu yokongola kapena ndege. Sanapulumutsepo dziko, ndipo palibe kampani ikanalimbirana msonkho wa zidole zawo. Mu nkhani ya 1986 gulu la achiwembu lotchedwa Marauders linatsikira m'ngalandemo n'kuwapha ambirimbiri, akulu ndi ana, pamwamba pawo mzinda ukuyenda monga mwa masiku onse. Nditapatsidwa mpata wobweretsa mutanti mmodzi pamaso pa Senator Kelly, sindingatenge Storm. Ndingatenge mwana wa ku Morlocks, wonunkha ngalande, wopanda chilichonse chotipatsa, ndimuimike pamenepo kuti Kelly afotokoze chimene mwanayu walakwa.