MBALI YA MUNDA YOSAKOLOLA (Levitiko 19:9-13)

Ayuda anagawa mabuku asanu a Mose m'zigawo 54, ndipo pa Sabata liri lonse amawerenga cigawo cimodzi m'sunagoge, pena ziwiri, kufikira atatsiriza zonse m'caka. Kuwerenga Mose pa Sabata ndi mwambo wakale, wochulidwa pa Macitidwe 15:21. Anausunganso Ayuda a m'dziko lino, amene m'zaka za m'ma 1950 anaposa 1,000, nakhala ndi masunagoge ku Lusaka, ku Livingstone ndi ku migodi.

Cigawo cochedwa Kedoshim, ndiko kunena Opatulika, cimafika mu April kapena May, nyengo imene alimi a ku Rufunsa, kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta, alikukonza nkhokwe zao. M'cigawoco muli lamulo lakuti mwini munda asakolole wonse, koma asiyire waumphawi ndi mlendo mbali yina, pamodzi ndi khunkha.

Mose sanachule kukula kwa mbaliyo. Koma aphunzitsi a Ciyuda, podziwa kuti waumbombo akhoza kusiya mapesi atatu nadziyesa womvera, analemba m'buku la Mishnah, ca m'ma 200, kuti isacepere gawo limodzi mwa magawo 60. Ndiko kuti wokolola matumba 60 aleke m'munda zodzaza thumba limodzi. Rabi Shimon anaphunzitsa kuti mbaliyo ikhale kumene kukolola kuthera, kuti mwini munda angaone nthawi yopanda anthu, naitana mbale wace wosauka mseri kudzatenga zonse. Kodi cinyengo cotere ncacilendo m'midzi, pamene cimanga ca cithandizo cigawidwa?

Anaikanso nthawi zitatu pa tsiku zakuti aumphawi alowe m'munda: mamawa, usana ndi cakumadzulo. Ena anamasulira kuti mamawa nja akazi oyamwitsa, usana nja ana, ndi madzulo nja okalamba oyenda pang'onopang'ono. Cikwakwa anaciletsa, kuti anjala angapwetekane polimbirana. Anthu awa sanayesa mbaliyo mphatso ya mwini munda yofuna kuombera m'manja. Anaiyesa cuma cace ca waumphawi, ndipo woikolola wamubera.

Cilala ca 2024 cinapsereza minda yambiri ya m'Zambia, ndipo ena amene kale anali kulemba anzao ganyu anapita okha kukapempha ganyu. Iwowa adziwa tsopano kulemera kwa vesi 13, loletsa kugoneka malipiro a wanchito kufikira m'mawa. Mkazi wamasiye wakolola tsiku lonse m'munda wa mkulu wa mpingo, dzuwa lapendeka, ndipo mkuluyo amuuza kuti abwere Loweruka. Kunyumba kwa mkaziyo ana asonkha kale moto, madzi a nsima ali pamafuwa.