MBALE YA MAI WAPAKATI

Pali funso limene tiyenera kulisinkhasinkha ife okhala kuno ku Thambani ndi m'midzi yonse ya Mwanza, ndilo ili: munthu akagwidwa ndi nthenda ya shuga kapena ya mtima ali wa zaka 50, ndipo muzu wa nthendayo uli m'njala imene amace anaimva iye asanabadwe, kodi mlandu ngwa yani? Makolo athu sanafunse cotero, pakuti anayesa kuti njala ikapita yapita, ndi kuti cibadwa ca munthu cicokera m'mwazi wa atate wace ndi amace basi. Koma anzeru a masiku ano apeza kuti nkhaniyo siitha pomwepo iai.

Tiyambe ndi njuci, zimene azidziwa bwino iwo opacika ming'oma m'nkhalango. Mace wa njuci ndi njuci yanchito zicokera m'dzira la mtundu umodzi. Imene idzakhala mace aidyetsa cakudya capadera, ndipo ikula nkukhala yaikuru, niikira mazira, nikhala zaka. Inzace igwira nchito masabata owerengeka nkufa. Mbeu ndi imodzi, cosiyana ndi mbale.

Cinsinsi cace nci. M'thupi la camoyo ciri conse muli malangizo a cibadwa, amene anzeru awacha majini (si majini aja a mizimu yoipa amene timamva mbiri yao kunyanja iai). Majiniwa ali ngati buku la nyimbo: nyimbo zonse zirimo, koma siziyimbidwa zonse tsiku limodzi, pakuti pali woonetsa yoti iyimbidwe ndi yoti isiyidwe. Pa majini nchito imeneyi igwiridwa ndi tizizindikiro tating'ono tochedwa methyl, timene timamatira pa jini ndi kuigoneka tulo. Ndipo thupi litenga zopangira tizizindikiroti m'zakudya: nyemba, nandolo, mazira, nsomba, ciwindi, ndi masamba monga bonongwe ndi nkhwani. Mau a m'buku sasinthika, koma nyimbo yoyimbidwa isinthika monga mwa cimene cadyedwa.

Umboni waukuru pa anthu unacokera ku Holland. M'nyengo yacisanu ya 1944 kufikira 1945, pa nkhondo yaciwiri, Ajeremani anatseka njira za cakudya, ndipo anthu monga 20,000 anafa ndi njala. Nkhondo itatha cakudya cinabweranso, ana amene anali m'mimba m'miyezi ija nabadwa, nakula. Koma atafika pa ukulu, shuga, kunenepa koipa ndi nthenda ya mtima zinawagwira kopambana anzao. M'caka ca 2008 anzeru anayesa mwazi wao, iwo ali a zaka monga 60, napeza kuti pa jini ina ya kukula, yochedwa IGF2, tizizindikiro tija tinali tocepa polinganiza ndi abale ao a mimba imodzi amene njala sinawapeze m'mimba. Njala ya miyezi yowerengeka inali cilembedwere m'thupi la nkhalamba!

Ndipo si za Azungu okha izi. M'caka ca 2019 kunalengezedwa za ana 309 a ku Malawi ndi ku Jamaica odwala ndi kusowa cakudya. Ana otupikana anapezeka ndi tizizindikiro tocepa pa majini ambiri kuposa ana ongoonda. Koma pa akulu amene anadwala paubwana nacira, kusiyana kumeneko sikunaoneke. Apa pali citonthozo, pakuti ciri kutiuza kuti zina zolembedwa ndi njala zifafanizika mwana akadyetsedwa bwino. Komabe kalembera wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza ana 37 mwa 100 ali onse osafika zaka 5 m'dziko lino ali opinimbira, ndipo amene anali m'mimba pa njala ya 2002 lero ndi abambo ndi amai.

Tsono mlandu ngwa yani? Ena adzafulumira kuloza cala mai, kuti ndiye anadya moipa. Ife tikana ndithu. Mkazi wapakati sasankha mbale yace, adya cotsala. Ndiye aphika, nagawa, napereka nthuli yabwino kumphala kwa amuna, nakhala iye ndi msuzi. Dzira amletsa, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ngati kuti tsitsi liposa mtima ndi ubongo. Tikolola nandolo wambiri m'minda ya kuno, ndi kumgulitsa yense kwa amalonda ndalama zisanauma m'manja mwao. Manacesi a Mwanza adziwika kufikira ku Blantyre, koma mwini munda awerenga madengu osasiyako la pakhomo. Pofika Januwale mkaziyo alikulima ndi nsima ya ufa woyera ndi mcere. Pamene mvula yakana, monga mu 1949, palibe wa m'mudzi amene tingamtsutse. Koma pamene nkhokwe iri ndi kanthu ndipo nkhuku zirikuikira, wogawa cakudya ndiye agwira mlandu, cinkana wolakwiridwayo sanaoneke nkhope, ndipo sadzadandaula kufikira zitapita zaka makumi asanu, wolakwayo ali m'manda.

Wina adzati, Kodi munthu angacimwire iye amene kulibe? Tiyankha kuti timabzala mtengo wa mango podziwa kuti adzadya ndi adzukulu, ndipo tiuyesa ubwino. Ngati tingacitire zabwino wosabadwa, tingathenso kumlanda. Akulu anati m'mera mpoyamba, koma anaganiza za mwana woyenda. Tsopano ciyambico cabwerera m'mbuyo.

Pakuti ku Holland kuja kusintha kwa pa jini ija kunapezeka mwa iwo amene njala inawapeza mimba itangoima, osati mwa iwo amene inawapeza ali pafupi kubadwa. Masabata amenewo ndiwo amene mkazi mwini sadziwa kuti waima, ndipo atadziwa abisa, monga mwa mwambo wathu, kufikira anamkungwi atamlangiza. Mwamuna wodikira kuti mimba ioneke asanagule usipa wacedwa miyezi inai. Cifukwa cace mbale imene tirikunena si ya wapakati yekha, koma ya mkazi ali yense wa msinkhu wakubala, ndi ya namwali amene timtuma kumtondo ndi kumadzi m'mamawa asanalawe kanthu.