Mwini wa basela ndani, wotuma kapena wotumidwa?



Pa Eid yapitayi, titachoka ku swala, tinakhala pakhonde kwa malume ku Mtakataka tikumwa tiyi. Msuweni wanga, mwana wa malumewo, amene amagwira ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe, anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa zithunzi. Iye ndi mkazi wake ali pakhonde la hotela ina ya m'mbali mwa phiri, nkhungu ili m'munsi mwawo, patebulo chakudya cham'mawa chili tho. Anagona kumeneko mausiku awiri osalipira ngakhale tambala. "Mapoyinti, aise," anatero akuseka. Ntchito yake ndi yokonza misonkhano ndi maphunziro a bungwelo. Ndiye amasankha hotela, ndiye amasungitsa zipinda, ndipo nthawi iliyonse amapereka nambala ya khadi lake la umembala. Bungwe limalipira bilu, mapoyinti amalowa kwa iye.

Tonse tinati Masha Allah, ena mpaka kufunsa kuti khadilo amalembetsa bwanji. Malume anangoika kapu pansi n'kufunsa kuti: "Mwana wanga, ndalama zimene zinabereka mapoyintiwo zinali za ndani?" Pakhonde panati zii. Funso limenelo landisowetsa mtendere kuyambira tsiku limenelo, chifukwa ambiri a ife tikufunafuna ntchito zoterezi, ndipo ena tili kale m'menemo.

Choyamba timvetse kuti mapoyinti ndi chiyani. Kampani ya ndege ya American Airlines inayambitsa ndondomeko yake ya AAdvantage mu 1981, ndipo mahotela a Holiday Inn ndi Marriott anayambitsa zawo mu 1983. Ganizo lake ndi losavuta: uzibwera kwa ife, tizikulembera mapoyinti, akachuluka udzagona ulere. Ku Marriott Bonvoy, wogona mausiku 10 pachaka amakhala Silver, wa 25 amakhala Gold, wa 50 amakhala Platinum. Wa Platinum amatha kupatsidwa chipinda chabwino kuposa chimene walipira, chakudya cham'mawa chaulere m'mahotela ambiri, komanso mwayi wotuluka m'chipinda 4 koloko madzulo anzake atatuluka kale m'mawa. Ukalipira mausiku 4 ndi mapoyinti, usiku wachisanu ndi waulere.

Musaone ngati ndi za azungu okhaokha. Marriott inagula mahotela a Protea mu 2014, choncho Ryalls ya ku Blantyre ili m'banja lomwelo. Mapoyinti a pa Ryalls amalowa m'thumba limodzi ndi amene anthu amalipirira St. Regis Deer Valley ku Utah m'dziko la America, hotela yomangidwa pamtsetse weniweni wa phiri, pomwe mlendo amangotuluka pakhomo, kuvala ma ski, n'kuyamba kutsetsereka pa chipale chofewa. M'nyengo yozizira, pamene alendo achuluka, chipinda kumeneko chimatha kupitirira madola 1,000 usiku umodzi. Ena mwa ogona kumeneko satulutsa ndalama yotero. Amalipira ndi mapoyinti amene anaunjika pa maulendo a kuntchito, olipiridwa ndi kampani. Kwathu kuno kulibe chipale, koma funso la malume likuwakhudza iwo ndi msuweni wanga mofanana. Likukhudzanso aliyense amene amakwera Ethiopian Airlines pa tikiti ya ofesi n'kulembetsa ShebaMiles m'dzina lake.

Hotela si bungwe lopereka sadaka. Ikakupatsa usiku waulere, yawerengera kale kuti ipindula chiyani. Chimene ikugula ndi chisankho chako: kuti tsiku limene uli ndi mahotela atatu oti usankhepo, dzanja lako lipite kwa iyo. N'chifukwa chake makampani akuluakulu a mahotela amapereka mapoyinti ngakhale kwa wokonza misonkhano, amene mwina sagona n'komwe m'chipindamo. Akudziwa kuti wolipira ndi wina, wosankha ndi wina, ndipo amene ayenera kusangalatsidwa ndi wosankhayo.

Ngati ndalama ndi zako, palibe nkhani. Wasunga malipiro ako, wagona ku hotela, akupatsa mapoyinti: kumeneko ndi kutsitsiridwa mtengo basi, ngati mmene mayi wogulitsa tomato pa Golomoti amakuikira awiri apamwamba. Koma taganizirani tomato yemweyo. Amayi akutuma ndi ndalama yawo kuti ukagule mulu umodzi, wogulitsa waikirapo basela. Ndani wa ife anabisapo tomato awiriwo m'thumba la kabudula n'kunena kuti awa ndi anga? Onse amapita m'jumbo, onse amakafika kunyumba. Tinkadziwa tili ana kuti chimene chabwera chifukwa cha ndalama ya amayi ndi cha amayi, pokhapokha iwo atanena kuti tenga. Tikakula, n'kuvala taye, n'kupatsidwa khadi la pulasitiki, m'pamene timayamba kuona ngati nkhaniyi ndi yovuta.

Komabe msuweni wanga sanali wopanda poimira, ndipo tisamupondereze. Anayankha kuti: "Bambo, bungwe silinataye kalikonse. Bilu ndi yomweyo kaya ndapereka khadi kaya sindinapereke. Mapoyinti amalembedwa m'dzina la munthu. Ndikapanda kuwatenga, amangotsala ku hotela. Komanso amene amagona kutali ndi banja lake ndine, amene amadzuka 4 koloko m'bandakucha kukakwera galimoto ndine." Zonsezi ndi zoona. Sanabe, sanasinthe risiti, sanalembe dzina la munthu amene sanabwere kuti adye alawansi yake. Poyerekeza ndi zimene timamva m'maofesi ena, iyeyu ndi munthu woyera m'manja.

Koma pali nkhani imene imapezeka mu Sahih Bukhari ndi Sahih Muslim imene imafika pamtima pa funsoli. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatuma munthu wotchedwa Ibn al-Lutbiyya kukasonkhanitsa zakaat. Pobwera anagawa katundu pawiri: mbali ina ya chuma cha Asilamu, mbali ina yomwe anati anthu anamupatsa iye ngati mphatso. Nayenso sanabe, ndipo zakaat inali yokwanira. Komabe Mtumiki anakwera pa mimbari n'kudzudzula mchitidwewo, ndipo muyeso umene anapereka unali woti munthuyo akadangokhala m'nyumba ya bambo ake ndi mayi ake n'kuona ngati mphatsozo zikanamupeza kumeneko. Msuweni wanga tsiku limenelo anali atakhaladi m'nyumba ya bambo ake ku Mtakataka. Kodi akanakhala pakhonde pomwepo chaka chonse, hotela ikanamutumizira mausiku awiri aulere? Yankho tonse tikulidziwa. Mphatso inatsatira mpando, sinatsatire iye.

Kodi ndiye kuti mapoyinti onse a kuntchito ndi haraam? Ine si Shehe, ndipo fatwa tikaifunse kwa eni ake. Koma mu Sahih Muslim mulinso hadith ya Adi ibn Amira yomwe tanthauzo lake ndi lakuti wopatsidwa ntchito abweretse zonse, zochepa ndi zambiri, kenako chimene wapatsidwa atenge, chimene waletsedwa asiye. Apa pakuoneka kuti chimene chimasintha nkhani ndi kuulula komanso chilolezo cha mwini ntchito. Tomato wa basela amakhala wako amayi akamuona n'kunena kuti tenga.

Maiko enanso analimbana ndi funso lomweli ndipo anayankha mosiyana. Ku Germany mu 2002 zinaululika kuti aphungu ena ankagwiritsa ntchito mapoyinti a ndege ochokera ku maulendo a boma pa maulendo awoawo. Gregor Gysi anatula pansi udindo wake m'boma la mzinda wa Berlin, Cem Özdemir nayenso anasiya udindo wake. Mu 2006 khoti lalikulu loona za ntchito m'dzikomo linagamula kuti wolemba ntchito ali ndi ufulu pa mapoyinti ochokera ku maulendo amene iye walipira. Ku America zinapita kwina: lamulo la mu December 2001 linalola ogwira ntchito m'boma kusunga mapoyinti oterewa. Mayankho ndi awiri, koma onse akugwirizana pa chinthu chimodzi. Amene amagamula ndi mwini ndalama, poyera, osati wotumidwa payekha mumtima mwake. Msuweni wanga anali asanafunsepo. Malamulo a bungwe lawo satchulapo za mapoyinti, ndipo iye anatenga kukhala chete kumeneko ngati chilolezo. Ndinamufunsa kuti bwanji osangowauza abwana. Anati, "Aaa, angayambe kuganiza zambiri." Pamenepo ndi pamene pali bala. Chinthu chimene ukuopa kuti mwini wake achidziwe, mtima wako wachiweruza kale.

Tsono tiyerekeze kuti abwana avomera. Kodi nkhani yatha? Mbali ya umwini yatha, koma yatsala ina yovuta kuposa yoyambayo, chifukwa palibe wowerengera ndalama amene angaipeze m'mabuku. Tinene kuti bungwe likufuna kuphunzitsa alimi a ku Golomoti ndi Mtakataka kwa masiku atatu. Pa Mua pomwepa, pamishoni yomwe inakhazikitsidwa mu 1902, pali Kungoni ndi malo ake ogona alendo a Namalikhate. M'mbali mwa msewu wa M5 muli malo ena ang'onoang'ono, muli maholo a sukulu. Alimi akhoza kubwera pa njinga m'mawa n'kubwerera madzulo kukaona ziweto zawo. Kwinaku kuli hotela yaikulu ya kunyanja, ya mtengo wokwera, yofuna basi yonyamula anthu. Ndipo wokonza msonkhano watsala ndi mausiku ochepa kuti akwere gulu lapamwamba pa khadi lake.

Sadzanena kuti ndikusankha kunyanja chifukwa cha mapoyinti. Ngakhale kwa iye mwini sadzanena. Adzati kumeneko magetsi ndi odalirika, intaneti ndi yabwino, alendo ochokera ku likulu sangagone pena paliponse. Zina mwa zifukwazi zikhoza kukhala zoona. Makoteshoni atatu adzapezeka, mafomu adzasainidwa, zonse zidzaoneka zolongosoka. Koma ndalama yomwe ikanaphunzitsa midzi iwiri yaphunzitsa umodzi, ndipo mayi wophika, mnyamata wa kabaza ndi wogulitsa nkhuku pa Mua sanaone kalikonse. Apa mawu aja akuti bungwe silinataye kalikonse sakuimanso. Mapoyinti sanachokere kumwamba. Analipiridwa ndi kusiyana kwa mitengo iwiriyo, ndipo kusiyanako kunachoka pa ndalama yomwe inabwera m'dzina la alimi.

Amaanah imene wokonza msonkhano wanyamula si ndalama yokha. Wasungitsidwanso maso ake, kuti aone malo oyenera m'malo mwa anthu amene sangaone okha. Khadi la mapoyinti linapangidwa kuti lipendeketse maso amenewo pang'ono chabe, mwaulemu, popanda envelopu yodutsa pansi pa tebulo. N'chifukwa chake ndi losavuta kulilandira kuposa chiphuphu: chiphuphu umachidziwa kuti ndi chiphuphu, pomwe ili limabwera ndi uthenga wa pafoni wokuthokoza chifukwa cha kukhulupirika kwako. Koma kukhulupirika kwa ndani? Munthu amene walembedwa ntchito ndi bungwe, n'kukhalanso membala wokhulupirika wa hotela imene bungwelo limagulako, ali ndi mabwana awiri, ndipo mmodzi sakudziwa za mnzake.

Sindikunena kuti tiphwanye makhadi kapena kuti kupuma ku hotela yabwino ndi tchimo. Mkazi wa msuweni wanga anayeneradi kupumako, ndipo kusangalatsa banja ndi chinthu chabwino. Ndikunena zinthu zitatu zimene aliyense wa ife angachite. Ulula kwa mwini ndalama, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa, osati chongoganizira. Ngati wosankha malo ndiwe, usakhale wopindula ndi chisankhocho: ena asankhe, kapena mapoyinti abwerere ku maulendo a ntchito. Ndipo usanasaine, dzifunse kuti pakanapanda khadi, ndikanasankha pomwepa? Ngati yankho likuchedwa kubwera, kuchedwako kukuuza kanthu.

Izi sizikukhudza a m'mabungwe okha. Dalaivala amene amathira mafuta a bwana pamalo amodzimodzi chifukwa amamupatsa kangachepe, mlongo wogula zinthu za ofesi amene wa sitolo amamuikira kaphukusi kake pambali, m'bale wa komiti ya mzikiti amene watumidwa kukagula simenti n'kupatsidwa thumba limodzi laulere: onsewa agwira tomato awiri aja m'manja.

Msuweni wanga anabwerera ku Lilongwe osalonjeza kanthu. Patapita sabata ziwiri ananditumizira uthenga kuti walembera abwana ake, wafotokoza zonse, kuphatikizapo mausiku awiri aja. Akudikira yankho, ndipo akudziwa kuti likhoza kukhala loti asiye, kapenanso loti abweze. Nditawauza malume, anangoti Alhamdulillah, n'kupitiriza kusenda chinangwa chawo.

Allah atipatse rizki la halaal, atiteteze ku zimene sitingathe kuzifotokoza pamaso pa eni ake, ndipo atikhululukire pomwe tinatenga tisanafunse. Ameen.