Nkhokwe ya Wakanda ndi Mpanda Wake

Kodi munthu amene sanabe, sanaphe, koma anangotseka chitseko pamene anansi ake ankalira panja, tingamutche wosalakwa? Funso lakaleli ine ndinakumana nalonso m'nthano ya zithunzi zojambula ya Black Panther ndi kanema wake wa 2018.

Ambiri amati nthano zotere n'zosangalatsira ana, koma taonani nyengo imene inabadwira. Stan Lee ndi Jack Kirby, azungu awiri a ku New York, anayamba kujambula T'Challa, mfumu ya Wakanda, m'kabuku ka Fantastic Four ka July 1966, mwezi womwe Malawi anakhala lipabuliki. Mu October chaka chomwecho, ku Oakland kunabadwa chipani cha anthu akuda chotchedwanso Black Panther. Dzinali linatentha kwambiri moti mu 1972 kampani ya Marvel inayesa kumutcha T'Challa kuti Black Leopard. Wothawa ndale chonchi amadziwa kuti ndalezo zilimo.

Wakanda ndi dziko lopeka la mu Africa lomwe atsamunda sanalipondemo. Lili ndi mwala wamphamvu wa vibranium, ndipo pofuna kuuteteza linadzibisa n'kumaoneka ngati dziko la alimi osauka. Zimenezi zinatikomera tonse. Amalawi tinanyadiranso kuona malemu Connie Chiume, amene bambo awo anali a ku Usisya, ali m'bwalo la akuluakulu ngati mtsogoleri wa fuko la okumba migodi.

Koma Ryan Coogler, yemwe anapanga kanemayu, anayambira nkhani yake ku Oakland komwe kuja, n'kutibweretsera Killmonger, mwana wa bambo aang'ono a T'Challa, amene anasiyidwa wamasiye kuchilendo. Mlandu wake ndi umodzi: Wakanda inali kuti pamene anthu akuda ankagulitsidwa ngati mbuzi? Ife a m'mbali mwa nyanja mlanduwu sitiumva ngati nthano. Pa Nkhotakota pompa, m'zaka za m'ma 1800, zombo za Jumbe zinkaolotsa makolo athu pa ulendo wa ku Kilwa. Kukanakhala kuti kuseri kwa phiri kunali mfumu yokhala ndi mphamvu zoletsa zimenezo koma inangokhala chete, kodi tikanaiimbira nyimbo?

Njira ya Killmonger, yogawa zida kuti dziko lonse liyake moto, sindiivomereza. Komabe ndimaona kuchenjera kwa kanemayu. Wofunsa funso loona anamupanga kukhala chigawenga chopha anthu, kuti pomukwirira tikwirire ndi funso lake lomwe. Kazitape wa CIA ndiye anasanduka bwenzi la Wakanda, ngati kuti taiwala ziwembu zimene bungwe lomwelo linakonzera Patrice Lumumba asanaphedwe mu 1961. Pamapeto T'Challa alonjeza kutsegula dziko lake, koma mwana uja wafa kale.

Nafenso timalota vibranium yathu: miyala ya ku Kayelekera, ku Kangankunde ndi ku Kasiya. Timati ikadzakumbidwa, umphawi udzatha. Ine ndikuti chuma sichisintha mtima wa mwini nkhokwe, chimangokweza mpanda wake. Pa njala ya 2002, imene inakantha kwambiri kuno ku Salima, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo ena amene anali nacho anachitsekera kudikira mtengo ukwere. Sanaphe munthu ndi manja awo, koma maliro anachuluka. Mukayenda ku Senga Bay mudzaona mipanda yotsikira mpaka kumchenga, msodzi n'kumazungulira kutali kufuna poimika bwato pa nyanja ya makolo ake. Mwini mpanda aliyense ali ndi chifukwa chomveka, monganso mafumu a Wakanda anali nacho.

Kudziteteza si tchimo. Amene anaona zimene zinachitikira Congo chifukwa cha migodi yake sangaseke mantha a Wakanda. Koma mantha akatha zaka mazana, amasanduka umbombo wovala zovala za nzeru. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo sanawonjezere kuti uyambe waonetsetsa kuti mtsuko wako wadzaza.

Tsono tisamangopingasa manja pachifuwa motsanzira a ku Wakanda. Aliyense, kaya ali ndi mgodi, ofesi kapena thumba limodzi la chimanga, adzifunse kuti ndani wagona kunja kwa mpanda wake. Mwana amene tamutsekera kunja lero akukula, ndipo tsiku lina adzabwera kudzafunsa.